Momwe mungaphunzitsire ana kudumpha patali potengera mpikisano wa ku Tokyo wa 1991

Pa 30 Ogasiti 1991, pa mpikisano wachitatu wa dziko lonse wa masewera othamanga, kudumpha ndi kuponya womwe unachitikira mumzinda wa Tokyo ku Japan, Mike Powell wa ku America anadumpha mamita 8.95, ndipo mpaka lero rekodi imeneyi idakalipo. Mphunzitsi wa masewera pa sukulu ya ku Chikwawa kapena ku Nsanje, yemwe bwalo lake ndi fumbi lokhalokha, angaone ngati nkhani ya ku Japan ilibe naye ntchito. Ine ndimaona kuti usiku umenewo uli ndi zonse zimene mwana woyamba kuphunzira kudumpha patali (long jump) ayenera kudziwa, ndipo chachikulu mwa izo ndi kuponda bwino pa thabwa lomwe wodumpha amanyamukirapo, chinthu chimene sichilira ndalama.

Yambani ndi kuonera nokha kanema wa mpikisanowu, yemwe amapezeka pa YouTube, ndipo ngati n'kotheka mumusunge m'foni pamene muli pamalo a netiweki yabwino monga pa Nchalo kapena pa Ngabu. Muyenera kudziwa nkhani yake musanawaonetse ana. Rekodi yakale inali ya Bob Beamon, mamita 8.90, yomwe anaikhazikitsa pa masewera a Olympic ku Mexico City mu 1968, ndipo inali itakhala pafupifupi zaka 23 osagwedezeka. Aliyense ankayembekezera kuti woiphwanya adzakhala Carl Lewis, yemwe anali atapambana maulendo 65 motsatizana pa kudumpha patali, komanso yemwe masiku asanu m'mbuyomo anali atathamanga mamita 100 m'masekondi 9.86 pa bwalo lomwelo. Lewis anayamba ndi 8.68, pa ulendo wachitatu anafika 8.83, ndipo pa wachinayi anadumpha 8.91. Powell anayamba mofooka ndi 7.85, kenako 8.54 ndi 8.29, ndipo pa ulendo wachinayi anauluka patali kwambiri koma nsonga ya nsapato yake inapitirira mzere wa m'mphepete mwa thabwa pang'ono chabe, ndipo ulendowo sunawerengedwe. Mukafika pamenepa imitsani kanemayo kuti ana amuone munthu wamkulu atagwada pa thabwa, akufufuza chizindikiro chomwe chamulanda mtunda wonsewo. Pa ulendo wachisanu anaponda molondola n'kudumpha 8.95. Lewis anayankha ndi 8.87 ndi 8.84, koma sizinakwane, ndipo wachitatu anali Larry Myricks ndi 8.42.

Pali mfundo ina yomwe ndimakonda kuwauza ana a kuno. Mexico City ili pamtunda wopitirira mamita 2,000 kuchokera pamlingo wa nyanja yaikulu, kumene mpweya ndi wopepuka ndipo umathandiza odumpha, pomwe Tokyo ili m'munsi ngati chigwa chathuchi. Choncho palibe chifukwa choti mwana wa ku Bangula aziganiza kuti zodumpha ndi za anzake a kumapiri okha.

Mukatha kuonera, konzani dzenje. Malamulo amati njira yothamangiramo ikhale yosachepera mamita 40 m'litali ndi mamita 1.22 m'lifupi, dzenje likhale la mamita 2.75 mpaka 3 m'lifupi, ndipo thabwa lopondapo likhale la masentimita 20 m'lifupi. Kwa ana a ku pulayimale njira ya mamita 25 ndi dzenje lotalika mamita 6 n'zokwanira, thabwa litatalikira dzenje ndi mita imodzi yokha kuti ngakhale wamng'ono agwere mumchenga. Sankhani malo oti madzi sadikha, chifukwa dothi la makande likanyowa limaterera ndi kumata m'mapazi, ndipo likauma limang'ambika ming'alu yomwe imatha kupotola mwendo. Kumbani masentimita 30 mpaka 40, ndipo thabwalo mulikwirire kuti lifanane ndi nthaka, lisatumphuke ngakhale pang'ono.

Mchenga mutenge m'chilimwe pa mtsinje wouma monga Mwanza, mutapempha kwa amfumu, ndipo mutute pa ngolo kapena pa wilibala. Musatume ana m'mphepete mwa Shire, kumene kuli ng'ona. Mchengawo musefe ndi sefa ya waya kuti muchotse miyala, magalasi ndi minga, ndipo njira yothamangiramo muisese tsiku lililonse popeza ana ambiri amathamanga opanda nsapato. Dzuwa la Okutobala ndi Novembala limatenthetsa mchenga mpaka kuwotcha mapazi, choncho phunzitsani m'mamawa dzuwa lisanakwere kapena madzulo ndithu, mutathira madzi m'dzenjemo ndi kutipula ndi khasu. Mchenga wonyowa pang'ono ndi wofewa kugwerapo, komanso umasunga chizindikiro chooneka bwino poyeza.

Tsopano tifike pa thabwa, pomwe pagona ntchito yeniyeni. Ku Tokyo kutsogolo kwa thabwa kunali kachingwe ka phula lofewa lomwe linkadinda nsapato ya aliyense wopitirira mzere. Kuno tili ndi makande athu omwewo. Kandani pang'ono ndi madzi, muwapake m'mphepete mwa thabwa mbali ya kudzenje, muwasalaze ndi mpeni wakale kapena kathabwa, ndipo chala chilichonse chopitirira chidzasiya chidindo chomwe mwana sangachikane. Ndinayamba kuchita zimenezi nditaona mpikisano wina wa masukulu ukuthera m'mkangano chifukwa woyang'anira thabwa ankangogamula ndi maso, makolo n'kumakuwa kuti akukondera.

Mwana aliyense ayambe wadziwa mwendo umene amanyamukira. Musamufunse, chifukwa ambiri amayankha molakwika. Ingomuuzani adumphe kangalande katatu ndipo muone phazi lomwe likutsalira pansi. Kenako aime pa thabwa ndi phazi limenelo, atafulatira dzenje, athamange mwamphamvu kulowera komwe aziyambira, mnzake akuwerenga masitepe. Pamene phazi lonyamukiralo latera pa sitepe ya 12, ikani chizindikiro pambali pa njira, kaya chitsononkho, kaya kamwala kopaka laimu. Abwereze katatu kapena kanayi mpaka zizindikiro ziyandikane, ndipo pamenepo ndiye poyambira pake. Akatswiri ngati Powell ndi Lewis ankathamanga masitepe pafupifupi 20 kapena kuposerapo, koma mwana wa zaka 12 mukamupatsa mtunda wotere amafika pa thabwa atatopa kale, ndipo liwiro limene likufunika pa masitepe omaliza limakhala litathera m'njira.

Akayamba kuthamangira kudzenje, inu muime pambali pa thabwa ndipo maso anu akhale pa phazi, osati pa mtunda umene wadumpha. Ngati wapitirira ndi chikhatho chimodzi, bwezerani chitsononkho chake m'mbuyo ndi chikhatho chimodzi. Ngati waperewera, chisendezeni kutsogolo. Cholakwika chomwe aphunzitsi ambiri timachita ndi kumukalipira mwana kuti ayang'ane thabwa. Mwana woyang'ana pansi amadula masitepe, amanyinyirika ngati nkhuku yoopa kuoloka msewu, ndipo amanyamuka wopanda mphamvu. Muuzeni ayang'ane chinthu chokwera kuseri kwa dzenje, monga nthambi ya mtengo, ndipo za thabwa azisiye kwa chizindikiro chake. Bwererani ku kanema uja ndipo muwaonetse kuti Powell atachita faulo sanachepetse liwiro pa ulendo wotsatira, anathamanga mwamphamvu monga poyamba. Phunziroli limatenga masabata angapo ndipo ana amatopa nalo, koma musalidumphe.

Za m'mwamba musatayirepo nthawi yambiri. Ana akaona Lewis ndi Powell akupalasa miyendo mumlengalenga ngati ali pa njinga amafuna kutsanzira, koma kupalasako sikuwonjezera liwiro. Kumangothandiza thupi kuti lisagwe chamutu, ndipo munthu wodumpha mamita atatu kapena anayi sakhala m'mwamba nthawi yokwanira kuchita zimenezo. Aphunzitseni kukweza bondo la mwendo winawo ponyamuka, kutambasula miyendo yonse iwiri kutsogolo potera, ndi kupinda mawondo kuti thupi ligwere kutsogolo kapena cham'mbali.

Poyeza, mutu wa tepi uikidwe pa chizindikiro cha mumchenga chomwe chili pafupi kwambiri ndi thabwa, ngakhale chitakhala cha dzanja kapena cha matako, ndipo tepiyo ikokedwe molunjika mpaka m'mphepete mwa thabwa mbali ya kudzenje, kumene mumawerengera. Simuyeza kuchokera pamene phazi linaponda. Mwana amene wanyamukira masentimita 15 kumbuyo kwa mzere wataya masentimita amenewo, ndipo wobwerera m'mbuyo kudutsa mumchenga atatera ulendo wake suwerengedwa. Werengani sentimita yathunthu ya m'munsi popanda kuwonjezera, ndipo musalaze mchenga ndi reki wina asanadumphe. Akumbutseni ana kuti pakati pa 8.95 ya Powell ndi 8.91 ya Lewis panali masentimita anayi okha, omwe ndi ochepa kuposa chala chawo cha mkombaphala.

Nkhani ya mphepo imafuna kufotokoza mofatsa, chifukwa ana amafunsa kuti bwanji Lewis sanakhalepo mwini rekodi pamene 8.91 inaposa 8.90. Lamulo limati mphepo yochokera kumbuyo ikapitirira mamita 2.0 pa sekondi, mtundawo umawerengedwa pa mpikisano wa tsikulo koma sungakhale rekodi. Pa 8.91 ya Lewis mphepo inali 2.9, pomwe pa 8.95 ya Powell inali 0.3 yokha, ndipo mtunda wovomerezeka wautali kwambiri wa Lewis m'moyo wake wonse ndi 8.87 uja wa pa ulendo wachisanu. Makina oyezera mphepo sitingawapeze, koma kansalu ka chitenje komangirira pa ndodo pambali pa njira kamakuuzani komwe ikulowera. M'miyezi ya Juni ndi Julaye, mwera ukamawomba kumbuyo kwa mwana, masitepe ake amatalika ndipo amapitirira thabwa, choncho bwezerani chizindikiro m'mbuyo pang'ono. Ukamawomba kumaso, chisendezeni kutsogolo. Polemba zotsatira m'kope la sukulu, onjezerani mawu oti kunali mphepo yakumbuyo pa tsiku lotere, kuti mtunda wa tsiku la mwera usamafanizidwe ndi wa tsiku la bata.

Pakatha mwezi umodzi kapena iwiri, chititsani mpikisano motsata dongosolo la ku Tokyo: aliyense adumphe katatu, asanu ndi atatu otsogola apatsidwe maulendo ena atatu, ndipo wopambana akhale wa mtunda umodzi wautali kwambiri, osati wophatikiza yonse. Mpikisano usanayambe, tambasulani tepi pabwalo mpaka mamita 8.95, mukhome chikhomo kumapeto kwake, ndipo muwauze ana agone pansi motsatizana, mutu ku mapazi a mnzake, kuti aone kuti pakufunika angati. Kawirikawiri ana a Sitandade 6 amakwana asanu ndi mmodzi, n'kutsalabe kampata.