Mwana Akamadzandira Nthawi Zonse Thupi Likatentha: Momwe Mungachitire

Mwana akadwala katsabola kapena chimfine, nthawi zina amayamba kudzandira, lilime kulemera, dzanja kunjenjemera akamafuna kugwira kapu. Madokotala amaganizira kutupa kwa cerebellum, mbali ya ubongo ya chakunkhongo imene imathandiza munthu kuyenda mowongoka. Ana ambiri amachira osadzadwalanso. Koma alipo ochepa amene zimawabwerera thupi likangotentha, ndipo mwa ena gwero lake ndi vuto la jini (malangizo a m'thupi amene timatengera kwa makolo) yotchedwa ATP1A3. Jiniyi ndi imene imathandiza maselo a muubongo kutulutsa mchere wa sodium ndi kulowetsa mchere wa potassium.

Choyamba, mwana akayamba kudzandira, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale ndi kachitatu. Malungo ndi matenda oumitsa khosi amapha, ayambe ayeza zimenezo.

Chachiwiri, jambulani vidiyo pafoni: mwana akuyenda, akulankhula, akutola supuni, komanso mmene maso akuyendera. Pofika tsiku loonana ndi dokotala wamkulu, mwina adzakhala atapezako bwino.

Chachitatu ndiye chofunika kwambiri. Gulani kope, muzilembamo tsiku limene thupi linatentha, limene kudzandira kunayamba, masiku amene kunatenga, ndi ngati mwana anabwerera mwakale kapena anatsala wofooka. Mabuku akale a kuchipatala musataye. Dokotala amene akuona mwanayo lero sadziwa za chaka chatha, ndipo sikani ya MRI yojambula ubongo ndi zoyeza madzi a pamsana kawirikawiri zimatuluka zabwinobwino. Chimene chimaulula matendawa ndi kubwerezabwereza kwake, ndipo amene akudziwa zimenezi ndi inu. Nenani momveka: "Adokotala, aka si koyamba."

Funsaninso kwa agogo ndi amalume ngati pamtundu panali wina wotere, osati kuti mupeze womuloza chala. Kholo limene lili ndi vutoli likhoza kupatsira mwana mmodzi mwa awiri alionse, komabe ana ambiri zimangowayamba okha.

Kenako pemphani kalata yopita kwa dokotala wa ana ku Queens ku Blantyre kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Chotsimikizira ndi kuyeza majini m'magazi. Apimenso makutu, maso ndi mtima, chifukwa mtundu wina wa vutoli, wotchedwa CAPOS, umagonthetsa ndi kufooketsa maso.

Mankhwala ochiziratu kulibe. Panado azikhalapo m'nyumba, mwana azigona m'neti, katemera asaphonye, ndipo akatsala wodzandira muzipita naye ku mafizo. Aphunzitsi ake auzeni kuti akangoona thupi latentha akuimbireni foni.