Pakamwa pakuyenda, nanga m'mutu? Malangizo a kuwerenga kwa ana a Giredi 5 mpaka 7

Mwezi watha ndinali pasukulu ina m'mbali mwa msewu wopita ku Chadiza. Aphunzitsi anaimiritsa mtsikana wa Giredi 6, wamtali, wa yunifomu yochapa bwino, kuti atiwerengere ndime ya Chingerezi yonena za mlimi amene thonje lake linagwidwa ndi mbozi. Mwanayo anawerenga mosadodoma, mawu akungotuluka ngati madzi a pamjigo, ndipo anzake anamuombera m'manja. Ine ndinamupempha kuti atseke buku, n'kumufunsa m'chinenero chathu kuti, "Mwanawe, chamugwera mlimi uja n'chiyani?" Anazyolika, n'kuyamba kukanda desiki ndi chikhadabo. Sanadziwe n'komwe kuti m'nkhanimo munali mlimi.

Kenaka anaimirira mnyamata wokhala kumbuyo. Iyeyu chala chinali palembo, milomo ikunjenjemera, liwu lililonse akulizula ngati chitsa. Pofika kumapeto kwa chiganizo anali ataiwala pamene chinayambira.

Ana awiriwa onse akudwala, koma matenda awo ndi osiyana, ndipo mankhwala akenso ndi osiyana. Mnyamata uja mphamvu zake zonse zikuthera pofukula mawu, moti palibe yotsala yomvetsera nkhani. Mtsikana uja pakamwa pake pakuthamanga, koma sanaphunzitsidwe kudzifunsa ngati akumva. Amene amandidetsa nkhawa kwambiri ndi mtsikanayu, chifukwa aliyense amamuona ngati ali bwino, mpaka tsiku limene pepala la mayeso a ECZ, bungwe loyendetsa mayeso m'Zambia, lidzamuulule.

Zaka za Giredi 5 mpaka 7 ndi zovuta pa chifukwa chodziwika. Pansi pa silabasi imene inayamba mu 2014, ana a kuno kuchigawo cha Eastern ankaphunzira m'Chinyanja kuyambira Giredi 1 mpaka 4, ndipo pa Giredi 5 Chingerezi chinkalanda malo m'maphunziro monga sayansi ndi masamu. Nthawi yomweyo mabuku amanenepa, ziganizo zimatalika, zithunzi zimachepa. Chinyanja chili ndi mavawelo asanu, a, e, i, o, u, ndipo lililonse limatchulidwa mofanana paliponse. Chingerezi sichitero: mu through ndi mu though malembo omaliza ndi amodzimodzi koma katchulidwe n'kosiyana. Mwana amene ankayenda bwino akhoza kupunthwa apa popanda ulesi uliwonse. Onjezerani kuti chiyambire maphunziro aulere mu 2022 makalasi adzaza mpaka ena akukhala pansi, muona kuti mphunzitsi mmodzi sangamve mwana aliyense akuwerenga. N'chifukwa chake ndikulankhula ndi makolo omwe.

Tiyambe ndi mwana wozula mawu. Mankhwala ake ndi kubwereza ndime imodzi yomweyo, osati kumupatsa yatsopano tsiku lililonse. Sankhani ndime yaifupi, ya mawu pafupifupi 100, imene siikumulemera kwambiri. Poyesa kulemera kwake, mwana awerenge tsamba limodzi akupinda chala pa liwu lililonse limene lamukanika. Zala zisanu zikatha tsamba lisanathe, bukulo lisungeni kaye, mupeze lopepukirapo. Inu muwerenge koyamba mokweza, mwachifatse, mukupuma pa mpatuliro, mukuima pa mpumiro, mawu akukwera pamene pali funso, iye akutsatira ndi maso. Kachiwiri muwerengere limodzi. Kachitatu awerenge yekha. Akakakamira pa liwu, werengani mumtima mpaka zitatu musanamuthandize. Ngati ndi la Chinyanja, alidule m'maphatikizo: a-na-ngo-tsa-la. Ngati ndi la Chingerezi losatsata lamulo, muuzeni basi, abwereze, apitirire.

Ndime yomweyo ikhale masiku atatu kapena anayi. Tsiku loyamba tengani foni kapena wotchi, mwana awerenge kwa mphindi imodzi, muwerengetse mawu amene watchula molondola, mulembe nambalayo kumapeto kwa kope lake. Tsiku lachinayi muchitenso chimodzimodzi. Nambala ija kawirikawiri imakwera, ndipo mwana akaiona ndi maso ake amalimba mtima kuposa mmene mawu athu angamulimbitsire. Koma apikisane ndi nambala yake ya dzana, osati ya mnzake. Musayerekezenso nambala ya Chinyanja ndi ya Chingerezi. Liwu lathu limodzi loti sindinamuone limasenza katundu amene Chingerezi chimagawira mawu asanu, choncho nambala ya Chinyanja imakhala yotsika ngakhale kwa mwana wodziwa. Ndaonapo makolo akukalipira mwana pachabe chifukwa cha zimenezi.

Ndichenjeze pano: wotchi ikakhala mfumu, mudzalera mtsikana wa ku Chadiza uja. Cholinga si liwiro. Cholinga n'chakuti mwana awerenge monga mmene amalankhulira, moti agogo ali pamkeka akhoza kutsatira nkhani osafunsa kuti "wati bwanji?"

Tsopano nkhani yaikulu, ya mwana wodzimva yekha. Munthu wamkulu wodziwa kuwerenga ali ndi kamlonda m'mutu. Mukamawerenga pepala la pabotolo la mankhwala opopera thonje, mukafika pa mlingo wosakaniza ndi madzi mumaima, mumabwerera, mwina mumafunsa mnzanu. Palibe amakuuzani kuti imani; mumangomva kuti apa sindinagwire. Ana ambiri kamlonda aka alibe, chifukwa sanaonepo munthu akukagwiritsa ntchito. Amaganiza kuti kuwerenga n'kutulutsa mawu kuchokera pamwamba pa tsamba mpaka pansi.

Ndiye aonetseni. Mphunzitsi kapena kholo, werengani mokweza, ndipo pakati pa ndime imani dala n'kunena zimene zili m'mutu mwanu: "Aa, apa ndasochera. Akuti anamupatsa, koma wapatsa ndani, wapatsidwa ndani? Ndibwerere pamwamba." Bwererani iwo akuona. Penanso nenani kuti, "Liwu ili sindikulidziwa, koma ndiwerenge chiganizo chotsatira, mwina chindiuza." Aphunzitsi ena amachita manyazi kuoneka ngati sadziwa pamaso pa ana. Ine ndimati manyazi amenewo ndi amene akubisira ana chinsinsi chonse cha ntchitoyi. Mwana akaona aphunzitsi ake akubwerera m'mbuyo osachita mantha, amadziwa kuti kubwerera si umbuli.

Mukatero kwa sabata imodzi kapena ziwiri, apatseni ntchitoyo. Pamapeto pa ndime iliyonse mwana aphimbe tsamba ndi dzanja, anene m'mawu akeake zimene zachitika. Ngati ndime ndi ya Chingerezi, muloleni afotokoze m'Chinyanja, m'Chinsenga kapena m'Chitumbuka, chinenero chimene amalotera. Amene wafotokoza molondola m'Chinsenga wamva Chingerezicho. Amene wangobwereza chiganizo cha m'buku liwu ndi liwu mwina sanamve kanthu. Akalephera kufotokoza, musamupatse yankho. Mufunseni kuti, "Wasochera pati? Loza ndi chala." Kuloza malo enieni amene nkhani inamuthawira ndi theka la ntchito. Akapeza malowo ali ndi njira zingapo: kuwerenganso pang'onopang'ono, kupitirira chiganizo chimodzi kuti aone ngati chimasula, kuyang'ana mutu wa nkhani ndi chithunzi, kenaka ndiye kufunsa munthu. Kufunsa kukhale komaliza, apo ayi adzazolowera kudyetsedwa.

Pensulo imathandiza. Pakapepala kapadera, chifukwa mabuku a sukulu ndi ogawana, mwana alembe nambala ya ndime, achonge pamene wamva, aike chizindikiro cha funso pamene sanamve. Poyamba onse amachonga paliponse kuti akusangalatseni. Yamikirani poyera amene wabwera ndi mafunso. Pasukulu ina ku Katete ndinamva mphunzitsi wachizimayi akuuza kalasi kuti, "Lero ndikufuna amene ali ndi mafunso atatu, ameneyo ndiye wawerenga." Manja amene anali m'matumba anatuluka, ndipo kamnyamata kena kanafunsa chifukwa chimene buku likunena kuti madzi amakwera kumwamba pamene iko kamangowaona akutsika. Funso limenelo linadya mphindi khumi, ndipo palibe mphindi inatayika.

M'kalasi lodzaza, akhazikeni awiriawiri, wodziwako pang'ono ndi wotsalira pang'ono, osati katswiri ndi wongoyamba kumene chifukwa wina amatopa, wina amachita manyazi. Mmodzi awerenge ndime, mnzake afotokoze, kenaka asinthane. Aphunzitsi amene anaphunzira njira ya Catch Up, imene inayesedwa koyamba mu 2016 m'masukulu ena a kuno ku Eastern ndi ku Southern, akudziwa kale kugawa ana malinga ndi pamene afika, kaya pa malembo, pa mawu, pa ndime kapena pa nkhani yathunthu. Nzeru imeneyo isathere pa Giredi 5. Mwana wa Giredi 7 amene akadali pa mawu ayambire pomwepo. Chizolowezi choyendetsa buku mzere ndi mzere, aliyense chiganizo chimodzi, ine sindichikonda: mwana amangowerengetsa kuti chake n'chiti, n'kumachiyeseza mumtima, osamva za anzake.

Makolo, musanene kuti ine sukulu sindinapite patali. Khutu muli nalo. Mphindi khumi ndi zisanu dzuwa lisanalowe, mwana akuwerengereni muli kusenda nthochi kapena kutongola chimanga, ndipo inu mufunse monga mumafunsira munthu wochokera kumsika wa Kapata: ndiye zinatha bwanji? anatero chifukwa chiyani? Chowerenga sichisowa. Pali Baibulo, buku la nyimbo, paketi ya mbewu, thumba la feteleza, mapepala a kuchipatala, uthenga wa pafoni wochokera kwa amalume ku Lusaka. Nthawi ya mwambo wa Nc'wala ku Mtenguleni kapena wa Kulamba ku Mkaika, mwana alembe zimene waona kapena wamva pa wailesi, mawa lake awerengere ang'ono ake. Ndipo atsikana nawo apatsidwe mphindi zawo. Ndapeza makomo ambiri kumene mnyamata ali ndi buku pamene mlongo wake ali kuchitsime.

Musanagamule kuti mwana ndi wouma mutu, muyang'anitsitseni. Ngati buku akuliyandikitsa pamphuno, akutsinzinira poyang'ana pabolodi, kapena akudandaula mutu akawerenga pang'ono, pitani naye kuchipatala akamuone maso. Ngati samva mukamuitana chakumbuyo, akamuonenso makutu. Amene wabwera kusukulu m'mimba muli pululu sangagwire ndime. Ndipo chikwapu ndi kuseka zichoke pamene pali buku, chifukwa mwana amene anasekedwapo powerenga amaphunzira kubisa pamene sanamve, chimene chili chosemphana ndi zonse ndanena pamwambapa.

Mukachita izi masiku asanu pasabata, dikirani temu yathunthu musanayese zipatso. Lachisanu lililonse mwana alembe mizere iwiri m'kope: chimene chinamuvuta sabata ino, ndi chimene anachita kuti adutse. Kopelo mupite nalo kwa aphunzitsi ake tsiku lotenga malipoti, mukhale pansi, muone limodzi ngati ndime ya temu yamawa ikhale yolemererapo kapena ayambe wakhalabe pomwepo.