Kapangidwe ka chofunda cha zigamba kali pakhomo panu pomwe

Amayi ndi abambo amene mumasoka zofunda za zigamba, funso limene limabwera kawirikawiri m'magulu athu ndi lakuti, "Zidutswa za zitenje tatolera kwa atelala, koma tizilumikize motani kuti chioneke bwino?" Ambiri amathamangira pa foni kukasaka zithunzi, n'kupeza zofunda zosokedwa ndi nsalu zimene kuno sizipezeka, zodulidwa ndi zipangizo zimene ife tilibe. Langizo langa ndi lakuti muyambe mwayang'anitsitsa zinthu zimene mumaziona tsiku lililonse.

Anzathu ena anachita zomwezi ndipo anatchuka nazo. Ku Gee's Bend, mudzi wa anthu akuda m'chigawo cha Alabama ku America, amayi ankasoka zofunda ndi mathalauza akutha ogwirira ntchito kumunda ndi matumba akale. Kapangidwe kena kamene ankakakonda kamafanana ndi denga la nyumba, mizere yozungulira kabokosi ka pakati. Mu 2002 zofunda zawo zinaonetsedwa m'nyumba zazikulu za zaluso ku Houston ndi ku New York, ndipo mu 2006 zinasindikizidwa pa masitampa a dziko lawo.

Ngati mukuyamba kumene, yang'anani khoma la njerwa. Njerwa ya pamwamba imakhala pakati pa njerwa ziwiri za pansi pake. Dulani zigamba za masentimita 22 m'litali ndi 12 m'lifupi, kusiya sentimita imodzi mbali iliyonse ya msoko, kuti chigamba chikasokedwa chikhale 20 ndi 10. Sokani mzere umodziumodzi, ndipo mzere wachiwiri muuyambe ndi theka la chigamba. Ubwino wake ndi wakuti ngodya sizikumana, choncho dzanja likaphonya pang'ono palibe amene angazindikire.

Lichero ndilo limandisangalatsa kwambiri. Litembenuzeni muone mmene nsungwi zalukanirana: zina zikupita uku, zina zikudutsa mopingasa, kenako zikulowa pansi n'kukatulukira kutsogolo. Kuti zimenezi zibwere pa nsalu, dulani timizere titatu ta masentimita 9 m'lifupi ndi 23 m'litali. Mukatilumikiza, kabokosi kamatuluka kofanana mbali zonse, 23 ndi 23. Poyala, kabokosi kamodzi timizere take tiime, kotsatira tigone, kenanso tiime. Mukaima patali mudzaona ngati nsaluyo yalukidwa. Mkeka ndi dengu nazonso zili ndi maluko awoawo, ndipo woluka wa m'mudzi mwanu akhoza kukuwerengerani kuti amadumpha zingati asanalowetse pansi. Mufunseni, chiwerengero chimenecho ndicho mukufuna.

Milu ya tomato pamsika imapereka zigamba za ngodya zitatu. Izi zidikire kaye, chifukwa nsalu yodulidwa mopendeka imatamuka pansi pa singano.

Tsopano nkhani ya mitundu, pamene ambiri amagwa. Chitenje chimakhala kale ndi maluwa akuluakulu, ndiye mukagundanitsa zitenje zokhazokha, kapangidwe konse kamasowa. Chimene chimaonetsa luko la lichero ndi kusiyana kwa kuwala ndi mdima. Gawani zidutswa zanu milu itatu: zowala, zapakati ndi zakuda. Ngati mukukayika, ziyaleni pa mphasa, muzijambule ndi foni, chithunzicho muchisinthe chikhale choyera ndi chakuda. Pamenepo mudzaona kuti chofiira ndi chobiriwira, zimene mumayesa zosiyana, nthawi zambiri zimaoneka chimodzimodzi. Pa timizere titatu tija, kamodzi kakhale ka nsalu yopanda maluwa kuti diso lipumepo. Nsalu za chipani kapena za mpingo zokhala ndi nkhope za anthu musazidule ngati chofundacho n'chogulitsa, wogula akhoza kukhumudwa nazo.

Musanagwire lumo, jambulani m'kope la masamu la timabokosi, kabokosi kamodzi kaimire chigamba chimodzi. Kuwerengera kumayambira apa. Chofunda cha masentimita 200 ndi 220, chopangidwa ndi mabokosi a masentimita 20, chimafuna mabokosi 10 mopingasa ndi 11 motsika, onse pamodzi 110. Mukadziwa zimenezi mudziwanso ngati zidutswa zanu zikwana musanafike pakati pa ntchito. Muyezo wodulira upangeni ndi katoni yolimba, ndipo gulu lonse ligwiritse umodzi womwewo.

Zidutswa zatsopano muzichape kaye, zofiira ndi zabuluu pazokha, chifukwa zitenje zina zimasuluka ndi kukwinyana pa kuchapa koyamba. Msoko uliwonse muusite ndi simbi musanalumikize wotsatira.

Pomanga chofunda pamafunika zitatu: zigamba pamwamba, bulangete lakale lochapa bwino pakati, ndi nsalu yathunthu pansi. Ulusi wogwirizanitsa zitatuzi nawo umafuna kapangidwe kake, ndipo apa yang'anani mizere ya m'munda wa pamtsetse, ija imatsata akalozera n'kumakhota pang'onopang'ono. Ilembeni ndi choko, motalikirana masentimita 10 kapena kucheperapo kuti bulangete lisaunjikane mukamachapa. Yambani kusoka pakati n'kumapita m'mphepete, kuti makwinya azithawira kunja.