Kufalitsa vidiyo ya nyimbo yanu muli ku Kasungu

Mwafunsa mmene mungafalitsire nyimbo yosakaniza kulira kwa chigayo ndi ng'oma, popanda kampani yokuthandizani.

Konzeranitu vidiyo ya MP4 (mtundu wa fayilo ya vidiyo), chithunzi cha pachikuto ndi bandulo yokwanira.

1. Lembetsani nyimboyo ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi ntchito zina za luso m'Malawi, isanatuluke.
2. Ikani vidiyo yonse pa YouTube. M'munsi mwake fotokozani komwe munajambula phokosolo, chifukwa nyimbo yachilendo anthu amaimvetsa akadziwa gwero lake.
3. Dulani kachidutswa ka masekondi 30, mukaike pa Facebook ndi WhatsApp pamodzi ndi linki ya vidiyo ya pa YouTube ija.
4. Ambiri amalakwitsa apa: musatumize vidiyo yonse pa WhatsApp. Imafinyika, zithunzi zimachita mbuu, ndipo amene waionera kumeneko sapitanso ku YouTube.
5. Yankhani ndemanga tsiku lomwelo.