Dimba la pamodzi m'tauni ya Salima: kambiranani za madzi musanafese

Anthu oyandikana nyumba akapeza poloti yongokhala, kaya ku Kamuzu Road kaya ku Senga Bay, amathamangira kukagula mbewu ya repu ndi tomato. Mbewuyo idikire kaye. Yambani mwaonana ndi mwini malo, kapena amfumu ngati malowo ali m'manja mwawo, mulemberane kuti mulimapo mpaka liti. Kenako khalani pansi pa nkhani ya madzi, chifukwa dzuwa la Okutobala kuno silinyengerera, ndipo mkangano wa pa dimba umayambira pa kuthirira.

Dothi lathu lambiri ndi lamchenga, silisunga chinyezi. M'chilimwe pangani mabedi olowa pansi, mita imodzi m'lifupi kuti dzanja lizifika pakati osapondamo. Mvula ikayamba akhale okwera. Thirani manyowa owola bwino, muphimbire ndi udzu wouma kapena mankhusu a mpunga ochokera kuchigayo. Madzi a pampopi ali ndi bilu, choncho ngati mwasankha kukumba chitsime, chitalikirane ndi chimbudzi mamita osachepera 30.

Chimene ine ndimakana ndi dimba loti bedi lililonse ndi la aliyense. Zikatero mayi mmodzi amanyamula keni m'mawa ndi madzulo mpaka msana kuwawa, wina n'kumangotulukira ndi beseni tsiku lothyola. Amene akuthirirayo akhoza kupirira mwezi osalankhula, koma tsiku lina adzangosiya, ndipo ndiwo zidzauma onse akuona. Banja lililonse likhale ndi mabedi akeake. Za pamodzi zikhale chitsime, nazale, dzenje la kompositi ndi mpanda. Mpandawu musaupeputse, pakuti anthu akangokolola m'minda mbuzi zimatayiriridwa.

Mukatero patulani mabedi awiri a gulu, owathirira mosinthana, mayina alembedwe m'kope. Ndiwo za pamenepo n'za agogo amene sangathenso kugwira khasu, za odwala, ndi za pakhomo pamene pagwa zovuta. Mukamvana izi poyamba, wolandirayo sachita manyazi ngati wapempha.

Musafese zonse tsiku limodzi. Fesani pang'ono milungu iwiri iliyonse, mbande za mpiru ndi chayinizi muziwokera zikatha milungu itatu kapena inayi. Kukatentha kwambiri dalirani bonongwe, nkhwani ndi therere, zimapirira kuposa repu. Zikachuluka futsani.

Tomato asabwerezedwe pa bedi limodzi, ndipo mabiringanya asalowe m'malo mwake, chifukwa mumchenga tizilombo totupitsa mizu timachulukana msanga. Nsabwe zikagwa, sinjani masamba a nimu, muwaviike usiku wonse, musefe n'kupopera madzulo. Amene wapopera mankhwala ogula auze anzake tsiku lomwelo, azike kamtengo komangirira nsanza pa bedipo, kuti mwana wotumidwa ndiwo asathyolepo masiku olembedwa pa botolo asanakwane.