Momwe mungasokere kapilo kolemera ka mwana wa autism

Ana ena, makamaka amene ali ndi autism (vuto la kakulidwe ka ubongo limene limakhudza momwe mwana amalankhulira ndi kuchezera ndi ena), sakhazikika pansi. Akangokhala pang'ono anyamuka, phokoso likachuluka atseka makutu ndi manja. Ena mwa iwo amadekha akamva chinthu chikuwapanikiza pang'ono pathupi. Kapilo kolemera koika pantchafu ndi ka ntchito imeneyi, ndipo telala wapakhonde akhoza kukasoka.

Yambani mwamuyeza mwanayo pa sikelo. Muyezo umene ambiri amatsata ndi wakuti kapiloko kalemere magawo 5 pa 100 a thupi lake. Mwana wa makilogalamu 20 ndiye kuti kake ndi ka kilogalamu imodzi, ngati paketi ya shuga.

Dulani zidutswa ziwiri za chitenje chochapidwa kale, masentimita 45 m'litali ndi 30 m'lifupi. Mwanayo akhudze kaye nsaluyo. Ngati ikumuyabwa sadzakafuna n'komwe. Sokani mbali zitatu, kenako mizere yodutsa pakati kuti mukhale timatumba, apo ayi zam'katizo zidzaunjikana mbali imodzi.

M'timatumbamo thirani mpunga wouma bwino, mofanana, n'kumatseka mzere uliwonse mukadzaza. Chimanga ndi nyemba ayi, anankafumbwe sachedwa. Msoko upite kawiri, chifukwa mwana wokonda kuika zinthu m'kamwa akapeza pobooka ndi ngozi. Mpunga ukanyowa umachita nkhungu, choncho sokaninso chikuto chovula kuti muzichapa chokhacho.

Pokayamba, musamukakamize. Kaikeni pantchafu panu iye akuona, kenako pake, kwa mphindi 15 kapena 20 pa nthawi ya chakudya kapena yolemba. Akakakankha, musiyeni. Si mankhwala, ndipo si mwana aliyense amene kamamuthandiza.

Apa pokha musanyengerere: kapiloko ndi ka pantchafu basi. Osati pachifuwa, osati kumutu, osagona nako, ndipo mwana amene sangathe kukachotsa yekha asapatsidwe. Mu 2008 ku Quebec, m'dziko la Canada, mnyamata wa zaka 9 wa autism anamwalira atakulungidwa m'bulangeti lolemera kusukulu.

Ngati mwanayo ali ndi khunyu kapena vuto la kupuma, funsani kaye a zamafizo kuchipatala. Mphunzitsi wake muuzeninso za mphindi zija musanakaike m'chikwama.