Sabata yoyamba ya khanda: zimene ndimauza mayi asanatuluke m'chipatala

Mayi akamalongedza katundu kuti azipita kwawo, sindimulola kutuluka ndisanamugwiritse mapazi a mwana wake. Ndimatenga dzanja lake n'kuliika paphazi, kenako pamimba pa khandalo, n'kufunsa kuti, "Mukumva bwanji?" Pa uzamba wanga wonse ndaona kuti mayi amene dzanja lake lazolowera thupi la mwana ndi amene amabwerera msanga zinthu zisanafike poipa.

Mwana wongobadwa kumene amazizidwa mofulumira. Mutu wake ndi waukulu poyerekeza ndi thupi, mafuta a pansi pa khungu ndi ochepa, ndipo sadziwa kunjenjemera kuti adzitenthetse ngati ife. Thupi lake lizikhala pakati pa madigiri 36.5 ndi 37.5. Ngati mulibe chopimira, gwiritsani ntchito kuseri kwa dzanja. Mimba ndi mapazi zikakhala zofunda, zili bwino. Mimba ikafunda koma mapazi ali zii, kuzizira kwayamba kumulowa. Zonse zikazizira, mufunditseni muli m'njira ya kuchipatala.

Chomufunditsira chake ndi chifuwa chanu. Muvuleni atsale ndi thewera, masokosi ndi chipewa, mumuike pakati pa mabere khungu lake litagunda lanu, mutu uli m'mwamba ndipo nkhope itayang'ana kumbali kuti mphuno isatsekeke. Kenako fundani nonse awiri. Abambo nawonso chifuwa ali nacho, asamangoima pakhomo n'kumafunsa kuti zikuyenda bwanji. Kwa mwana wobadwa masiku asanakwane kapena wosafika makilogalamu 2.5, njira imeneyi, imene timaitcha kangaroo, ndi chithandizo ndithu. Inayambira ku Bogotá m'dziko la Colombia mu 1978, madokotala ataona kuti makina otenthetsera ana sakukwanira. Mukamugoneka yekha pabedi, agone chagada.

Za kusambitsa ndinaphunzira nditapsa. Ndili watsopano pantchito, agogo ena anandipempha kuti asambitse mdzukulu wawo patangopita maola ochepa chibadwire. Ndinachita manyazi kukaniza munthu wamkulu. Pofika pakati pa usiku mwanayo anali atazizira mpaka kuleka kuyamwa, ndipo tinachezera naye ali pachifuwa cha amake mpaka kunja kunayera. Anachira, koma kuyambira tsiku limenelo ndimakana mwaulemu, kaya wapempha ndani. Pazipita maola 24 mwana asanasambe. Zoyera zonga mafuta zimene amabadwa nazo zija si litsiro, zimateteza khungu.

Bere aliyambe ola loyamba lisanathe. Mkaka woyamba wachikasu uja musaufinyire pansi, muli chitetezo cha matenda, ndipo ngakhale ukuoneka wochepa, kamimba kake n'kakang'ono, umamukwana. Apa m'pamene amayi ambiri amavutika mwakachetechete, ndiye yang'anitsitsani kagwiridwe ka bere. Kamwa iyasamuke kwambiri, mlomo wapansi upindikire kunja, chibwano chigunde bere, ndipo mbali yaikulu ya pakuda paja ilowe m'kamwa. Mwana akangoluma nsonga yokha, inu mumva kupweteka, nsongayo ing'ambika, iye sakhuta. Zikatero musamukoke. Lowetsani chala chaching'ono chosamba m'mbali mwa kamwa yake, asiya yekha, muyambirenso. Aziyamwa kosachepera kasanu ndi katatu usana ndi usiku, ndipo ngati ali wokonda tulo mudzutseni. Madzi ayi, ngakhale kutenthe bwanji. Ndi bere lokha mpaka miyezi 6.

"Nanga ndidziwa bwanji kuti akukhuta?" Funsoli ndimalimva tsiku lililonse. Werengani matewera. Chimbudzi choyamba chimakhala chakuda, chomata, kenako chimasanduka chachikasu pofika tsiku lachinayi kapena lachisanu. Kuyambira pamenepo matewera onyowa azifika asanu ndi limodzi patsiku. Sikelo ikatsika pang'ono masiku oyambawa musadandaule, imabwerera pakatha pafupifupi milungu iwiri.

Mchombo sufuna zambiri. Sambani m'manja musanaugwire, pindani thewera likhale m'munsi mwake kuti uziuma, ndipo musapakepo kanthu kupatula mankhwala a chlorhexidine ngati akupatsani kuchipatala. Umagwa wokha pakatha sabata imodzi kapena ziwiri. Ukayamba mafinya, fungo, kapena khungu lozungulira likafiira, bwerani nawo.

Phunziraninso kuwerenga mpweya. Mwana ali phee, muvundukuleni pamimba, muyang'ane wotchi ya pafoni, muwerenge kukwera kwa mimba mphindi yathunthu. Makanda amapuma modukizadukiza, ndiye theka la mphindi lingakunamizeni. Mukapeza 60 kapena kuposa, werenganinso, ndipo zikabwereza nyamukani. Chimodzimodzi ngati m'munsi mwa nthiti mukulowa kwambiri akamapuma, ngati wakana bere, wakomoka, watentha thupi, kapena wangoti lobodo osagwedezeka mpaka mutamugwedeza. Chikasu muzichiyang'ana masana pamalo owala. Dinikizani chala pamphuno pake n'kuchotsa, muone mtundu wa khungu. Chikaoneka tsiku loyamba, kapena chikafika m'zikhatho ndi kuphazi, si chodikira kuti kuche.

Chimene chimandiwawa n'chakuti anthu onse m'nyumba maso amakhala pa mwana, wobereka n'kuiwalika. Inu amene mukudikirira mayiyu, muzimufunsa za magazi popanda manyazi. Padi ikamadzaza ola lisanathe, kapena akamataya magazi oundana akuluakulu, thamangani naye. Mayi, gwirani m'munsi mwa mchombo wanu. Chiberekero chizimveka cholimba ngati mpira. Chikafewa, sisitani mozungulira mpaka chilimbe, ndipo pitani mukakodze, chifukwa chikhodzodzo chodzaza chimachilepheretsa kukhwinyata. Mutu waukulu wobwera ndi kusaona bwino ungakhale BP yokwera, imene imatha kugwira munthu ngakhale atabereka kale. Kutentha thupi ndi fungo loipa kumusi nazonso si zogonera m'nyumba.

Ngakhale nonse muli bwino, timafuna kukuonaninso tsiku lachitatu, kenako pakati pa tsiku la 7 ndi la 14, ndiponso pakatha milungu 6. Pobwera musaiwale buku la kuchipatala, lanu ndi la mwana, ndipo chipewa chija amuvale.